Densitomita imati zonse zili bwino, koma kalendala imatuluka yothimbirira

Lipotili ndalembera anzanga ogwira ntchito pa makina osindikizira a offset, makamaka inu amene muli ndi densitomita (choyezera mphamvu ya mtundu pa pepala) m'kabati koma mulibe chipangizo choyezera madzi a pa puleti. Pa makina otere, puleti yonyamula chithunzi imanyowetsedwa ndi madzi kuti inki igwire pa chithunzi pokha, malo oyera akhale oyera. Zimene ndikufotokozazi zinachitika mu Okutobala 2024 pa kampani ina yosindikiza ya ku mafakitale, kuseri kwa msewu wa Lumumba kuno ku Lusaka. Eni ake ndi antchito awo sindiwatchula mayina.

Makina awo ndi a mayuniti anayi, yuniti iliyonse ya mtundu wake wa inki, a mapepala odula a saizi ya B2, ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja. Alibe kamera yowerenga mitundu m'kati. Makiyi a inki amatsegulidwa pa desiki, ndipo madzi amawonjezedwa pokweza liwiro la rola ya m'beseni. Woyendetsa wamkulu, amene aliyense pamenepo amamutchula kuti ba Masta, wakalambira pa makina otere, ndipo ndi munthu wosamala ntchito yake. Ntchito inali kalendala ya pakhoma ya 2025, pa pepala la glosi la 150 gsm. Tsamba lililonse linali ndi zithunzi za anthu, ndipo m'munsi munali mzere waukulu wofiira wa magenta ndi yelo zodzaza.

Chizindikiro choyamba chinali nkhope. Khungu la anthu pa zithunzi limatuluka lofiirira mopitirira, ndipo makwinya a malaya akuda amatsekeka n'kukhala chidima chimodzi. Kenako mapepala anayamba kuchedwa kuuma. Mulu umene wagona usiku wonse umadetsabe kumbuyo kwa pepala lapamwamba, ngakhale anawonjezera ufa wopopera. Chachitatu n'chimene chinawachititsa kundiitana: pa mzere wofiira uja pamaoneka timadontho toyera tambirimbiri, ndipo makina akaima pang'ono n'kuyambanso, m'mbali mwa pepala mumada ndi magenta pamalo poyenera kukhala poyera.

Nditafika, ba Masta anandipatsa pepala ndi densitomita. "Ba injiniya, pimani mweka," anatero. "Namba ili bwino. Manje vuto ili kuti?" Ankanena zoona. Magenta pa colour bar, kamzere ka timabokosi ta mitundu ka m'mphepete mwa pepala, inali 1.48, ndipo muyezo wa pakampanipo pa pepala la glosi ndi 1.45 mpaka 1.50. Abwana anali atagamula kale kuti inki ndi yoipa ndipo ibwezedwe kwa ogulitsa. Mnyamata wa ku chipinda cha mapuleti anali ndi nzeru ina: achepetse pa kompyuta madontho a inki amene amapanga chithunzi, awotche mapuleti ena, nkhope ziyere.

Nambala imodzi siiuza zonse

Apa ndipo pali phata la nkhaniyi, choncho ndikhalapo pang'ono. Densitomita imawalitsa nyali pa pepala n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera. Densite ya 1.0 ikutanthauza kuti kwabwerera gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo 2.0 ndi gawo limodzi mwa 100. Imayeza mmene mtundu ukumezera kuwala, basi. Siidziwa ngati 1.48 yachokera ku inki yopyapyala yathanzi, kapena ku inki yochindikala imene yamwa madzi n'kusungunuka mphamvu. Tonse tinaphunzitsidwa kuti mafuta ndi madzi sizisakanikirana, ndipo ndi pamenepo pamene Alois Senefelder anayambira mu 1796. Koma pa makina othamanga, inki iyenera kumwa madzi pang'ono monga timadontho tosaoneka ndi maso, apo ayi madzi otsala pamwamba pa chithunzi angaletse inki kugwira. Vuto limayamba ikamwa mopitirira. Mtundu umafooka, woyendetsa amatsegula makiyi kuti nambala ibwerere, inki yochulukayo imayamba kudetsa malo oyera, iye amakweza madzi, mtundu umafookanso. Zili ngati wophika nsima amene akuona kuti yalimba n'kuthira madzi, yafewa n'kuthira ufa, mpaka mphika kusefukira. Nthawi yonseyi densitomita imangoonetsa nambala imene woyendetsayo akuithamangitsa.

Choncho sindinayeze malo odzaza okha. Ndinayeza kabokosi ka 50% ndi ka 75% pa colour bar yomweyo, mmene madontho amayenera kuphimba theka ndi magawo atatu mwa anayi a malo. Densitomita zambiri zimawerengera zokha kukula kwa madontho pogwiritsa ntchito njira ya Murray-Davies ya mu 1936, koma anthu ambiri sadina batani limenelo. Pa magenta, 50% inkatuluka ngati 76%, kutanthauza kuti madontho akula ndi 26, pamene muyezo wa ISO 12647-2 wa 2013 umayembekezera 16 pa pepala lokutidwa bwino. Kabokosi ka 75% kanali ndi densite ya 1.09. Mukachotsa 1.09 pa 1.48 n'kugawa ndi 1.48 mupeza print contrast ya 26%, nambala yosonyeza ngati malo akuda a chithunzi atsekeka kapena ayi. Pa pepala lotere, magenta yathanzi imayandikira kapena kupitirira 40%. Pa galasi lokulitsira, madontho anali ndi m'mphepete monyenyeka, ndipo malo odzaza anali ndi timabowo toyera pamene dontho la madzi linatsekereza inki. Cyan nayo inali itasokonekera, koma pang'ono. Yelo ndi yakuda zinali pafupi ndi muyezo.

Zimenezi zinandikwanira kukana nzeru ziwiri zija. Inki yoipa siikanaipiraipira pamene tsiku likutentha, ndipo ba Masta anatsimikiza kuti m'mawa kumakhalako bwino kusiyana ndi masana. Kuchepetsa madontho pa kompyuta ndinakukana kwambiri. Mukatero mwalemba matenda a makina pa puleti. Tsiku limene makinawo achira, mapuleti onsewo atulutsa nkhope zotuwa, ndipo kuchedwa kuuma sikunathe chifukwa inki ikadali yochindikala.

Kuona madzi pa puleti

Pepala linali litatiuza kuti madzi achuluka. Chimene sitinkadziwa n'chakuti achuluka pati, ndipo n'chifukwa chiyani puleti imada msanga akangowachepetsa. Nambala ya pa desiki, 60% kapena 70%, ndi liwiro la rola chabe. Siinena kuchuluka kwa madzi amene afika pa puleti.

Madzi a pa puleti ndi opyapyala kwambiri, pafupifupi maikulomita imodzi kapena ziwiri, ndipo maikulomita ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Njira zowayezera ndi kuwala zilipo ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi ya infrared: madzi amameza kwambiri kuwala kwa pafupi ndi maikulomita 2.9, choncho chipangizo chimafanizira kuwala kumeneko ndi kwina kumene madzi sameza, n'kupeza kuchindikala kwake. Ndi njira yabwino koposa, koma mtengo wake makampani ang'onoang'ono a kuno sangaufike. Yachiwiri ndi ya kunyezimira. Puleti ya aluminiyamu imakhala yokhakhala mwadala, timapiri ndi tizigwa ta pafupifupi theka la maikulomita, kuti izisunga madzi. Ikauma imamwaza kuwala mbali zonse n'kuoneka yotuwa. Madzi akadzaza tizigwato, pamwamba pamasalala ndipo kuwala kumabwerera molunjika monga pa galasi. Komanso madzi amanyezimira kwambiri mukawayang'ana chapendeke: kuwala kogwa molunjika kumabwerera pafupifupi 2% yokha, kopendeka ndi madigiri 60 kuchoka pamenepo pafupifupi 6%, pa madigiri 80 kupitirira 30%. N'chifukwa chake oyendetsa akale amawerama n'kusuzumira puleti cham'mbali. Ba Masta amachita zimenezi tsiku lililonse, ndipo diso lawo ndimalilemekeza. Chovuta n'chakuti diso limazolowera. Madzi akamakwera pang'onopang'ono kwa masabata angapo, kunyezimira kwa lero kumaoneka kofanana ndi kwa dzulo.

Glossmeter ya m'manja, choyezera kunyezimira, siithandiza pano, chifukwa mukaimitsa makina kuti muiike pa puleti, madzi aja amauma m'masekondi ochepa, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Zimene tinachita ndi izi. Tinamangirira tochi ya LED pa chitsulo kunja kwa chotchinga cha yuniti, ikuwalitsa chapendeke pa silinda ya puleti. Mbali inayo tinamangirira foni, kamera yake itatsekedwa kuti isasinthe yokha kuwala kapena fokasi. Tinalunjika pa kamzere kopanda chithunzi kamene kanali pakati pa chithunzi ndi colour bar, kuchokera mbali ya woyendetsa kufika mbali ya magiya. Tinajambula vidiyo yaifupi makina akuyenda, n'kuwerenga pa kompyuta kuwala kwa kamzereko pa sikelo ya 0 mpaka 255. Chotchinga sitinachitsegule ndipo switchi yake yotetezera sitinaikhudze. Ndikunena izi motsindika chifukwa ndaona manja a anzathu amene anaphwanyidwa ndi marola, ndipo palibe kalendala yoyenera chala cha munthu.

Muyenera kudziwa malire a njirayi. Siikupatsani maikulomita. Imangokuuzani kuti apa panyowa kuposa apo, kapena pano panyowa kuposa ola lapitalo. Madzi akangodzaza tizigwa tonse, kunyezimira kumasiya kukwera ngakhale madzi akuchulukirabe, choncho imaona bwino kumunsi, kufupi ndi kuuma, kumene kuli kofunikako. Kuwala kwa pawindo kumaisokoneza, ndiye tinatchinga ndi katoni. Mukasuntha tochi ngakhale pang'ono, nambala zakale zonse zafa.

Ngakhale zili choncho, chithunzi choyamba cha yuniti ya magenta chinatisonyeza chimene densitomita sikanatha. Mbali ya woyendetsa ndi pakati panali pa denga, kuwala kosakweranso. Mbali ya magiya, kachigawo ka m'mphepete, kunali kotuwa, pafupi kuuma. Ndiye kuti ba Masta ankakweza madzi a yuniti yonse pofuna kupulumutsa kachigawo kamodzi kouma, ndipo pepala lonse lotsala linkamira. Nditawaonetsa pa kompyuta anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye chifukwa chake kuda kumayambira kuja nthawi zonse." Anali atazindikira kale mbaliyo, koma analibe umboni woti n'kuimitsira makina pakati pa ntchito ya changu.

Zimene tinapeza mu thanki ndi pa marola

Titaimitsa, zina zonse zinatuluka mosavuta. Madzi a mu thanki anali otentha madigiri pafupifupi 27, pamene ayenera kukhala 10 mpaka 12. Chaka chimenecho chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo kampaniyo inkayendera jenereta. Jeneretayo siinkakwanitsa zonse, choncho anazimitsa choziziritsira madzi poganiza kuti n'chosafunika kwenikweni. Madzi ofunda ndi opepuka, sakwera bwino pa rola, ndipo IPA, mtundu wa spiriti umene amathira m'madzimo, imauluka msanga. Inki nayo ikafunda imafewa, imamwa madzi mosavuta ndipo madontho ake amaphwasuka.

Chachiwiri chinali gwero la madzi. Pampopi madzi ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye anayamba kutunga ku borehole ya pamalopo. Lusaka wakhala pa mwala wa laimu ndi dolomite, ndipo madzi a pansi pano ndi olimba, odzaza calcium. Aliyense amene ali ndi ketulo mu mzinda uno amachidziwa choyera chimene chimamatirira m'kati. Makina osakanizira mankhwala a faunteni, kapena kuti madzi onyowetsera puleti, anali atafa kalekale, choncho mnyamata wothandiza ankathira ndi dzanja mpaka kacholembera ka conductivity, koyezera mchere wosungunuka m'madzi, kafike pa nambala imene anaphunzitsidwa. Mnyamatayo sanalakwe chilichonse. Palibe anamuuza kuti nambalayo imaphatikiza ya madzi osasakaniza. Madzi a borehole okha ankawerenga pafupifupi 700 microsiemens, choncho ankafika pa nambala yake atathira mankhwala ochepa kwambiri. Mchere wa m'madzimo unkamezanso asidi wochepayo. pH, muyeso wa asidi umene umakwera asidi akachepa, inali 6.2, pamene iyenera kukhala pakati pa 4.8 ndi 5.5. Faunteni yofooka chotere siiteteza malo oyera a puleti, ndipo njira yokhayo yowasungira oyera imakhala kuwamiza.

Chachitatu chinali marola. Pa yuniti ya magenta anali ndi khungu loyererako, losalala ngati galasi. Yuniti imeneyi ndi imene imavutika msanga ndi calcium, chifukwa utoto wa magenta wofala, PR 57:1, ndi mchere wa calcium kale, ndipo pepala lokutidwa nalo limabweretsa calcium carbonate yake. Titayeza mzere wa kukhudzana kwa rola yothira madzi ndi puleti, unali wotakata mbali ya woyendetsa n'kumaonda mpaka kutsala pang'ono kusowa mbali ya magiya. Labala wa kumapetoko anali atauma ndi kunyala.

Zimene tinasankha

Abwana ankafuna tikonze chimodzi, chofulumira, makina ayambe. Ndinawapempha kuti atipatse theka la tsiku, chifukwa zinthu zonsezi zinkadyetsana, ndipo kukonza chimodzi kukanangosuntha vuto. Tinakhuthula thanki yonse, kutsuka mapaipi ndi mabeseni, kusintha sefa. Marola tinawatsuka ndi mankhwala ochotsa calcium, osati otsukira inki wamba amene sasungunula laimu. Tinakonza mizere ya kukhudzana motsatira buku la makinawo. Rola youma ija tinaisinthanitsa kwakanthawi ndi ina yakale koma yofewa imene inali m'sitolo.

Pa madzi, tinagula osefedwa ndi reverse osmosis a m'mabotolo a malita 20, n'kuwasakaniza ndi gawo laling'ono la a borehole. Madzi osefedwa okhaokha si abwinonso, amafunika kulimba pang'ono, madigiri a dH 8 mpaka 12. Mankhwala tinayamba kuthira poyeza ndi jagi molingana ndi peresenti ya opanga, ndipo conductivity inangokhala yotsimikizira: ya madzi osakaniza kuchotsapo ya madzi oyambira. IPA tinaiyeza ndi hydrometer madzi atazizira kale, chifukwa kutentha kumasokoneza kawerengedwe kake. Choziziritsira chinabwerera pa jenereta, ndipo makina odulira mapepala ndi amene anapatsidwa nthawi yawoyawo.

Kenako tinachita chimene ndimachitcha makwerero. Makina akuyenda pa liwiro la ntchito, makiyi a inki atabwezedwa pansi, tinkatsitsa madzi pang'ono, kudikira mapepala 150 kapena 200, kutenga pepala, kujambula puleti, kulemba densite, kukula kwa madontho, contrast ndi kunyezimira pa mzere umodzi wa kope. Kudikirako n'kofunika. Kunyezimira kwa puleti kumasintha pompopompo, koma inki ya pa marola ambirimbiri aja imatenga nthawi kuti itulutse madzi amene inamwa. Amene amakhudza batani lililonse akangoona pepala limodzi amakhala akuyankha za mphindi zapitazo.

Pa sitepe iliyonse densite inkakwera yokha popanda kukhudza inki, ndipo tinkatsekanso makiyi kuti ibwerere. Ba Masta ndiwo ankasuzumira mapepala. Kuda kutangoyamba kuoneka m'mphepete anakweza dzanja, tinalemba nambala ya kunyezimira ya pamenepo, n'kukweza madzi masitepe awiri. Apo ndi pamene tinakhazikika. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti kamera inkaonetsa kutuwa kukubwera sitepe imodzi pepala lisanade. Ndiye phindu lenileni la kuyeza pa puleti: mumaona vuto lisanadye pepala. Mzere wa kuwala unalinso wofanana kuchokera mbali ina kufika ina, kupatula kutsika pang'ono kumapeto onse awiri, kumene n'kwachibadwa chifukwa marola amafunda kwambiri kumeneko.

Titakhazikika, magenta inali 1.46, kabokosi ka 75% kanali 0.84, contrast 42%, ndipo madontho a 50% ankakula ndi 18. Onani kuti nambala yoyamba ija siinasinthe kwenikweni, 1.48 kufika 1.46, pamene pepala linali losiyana kotheratu. Timabowo toyera tinatha, makwinya a malaya anaonekanso. Inki inali yomweyo imene inkafuna kubwezedwa, mapuleti omwewo.

Zimene zinatsatira

Masamba amene anasindikizidwa kale sanapulumuke onse. Amene anadetsana mu mulu anatayidwa ndi kusindikizidwanso, ndipo kampani inalipira yokha pepalalo. Ena tinawayala m'milu yaing'ono kuti apume, ndipo kasitomala anawalandira atawaona pansi pa nyali ya D50, yoonera mitundu, pamodzi ndi atsopano. Mapepala atsopano ankatha kutembenuzidwa tsiku lomwelo. Kalendala inaperekedwa mochedwa pang'ono, koma isanafike nthawi yogawa.

Tochi ndi foni sizinakhale pa makina mpaka kale, ndipo sindinafune kuti zikhale. Ba Masta anazigwiritsa ntchito kwa kanthawi pophunzitsa mnyamata wawo kuona kusiyana kwa puleti yonyowa bwino ndi yomira, ndipo tsopano amazibweretsa akasintha rola kapena akakayikira yuniti ina. Chimene chinakhazikika ndi kope la pa desiki. M'mawa uliwonse amalemba kutentha kwa thanki, pH, conductivity ya madzi oyambira ndi ya osakaniza, ndipo pa ntchito iliyonse amalemba contrast pambali pa densite.

Mvula itayamba, ba Masta anandiimbira kuti nambala ya kunyezimira imene tinalemba ija siikugwiranso, puleti ikuoneka yonyowa kuposa kale pa liwiro lomwelo la rola. Zinali zoyembekezeka. Mpweya ukakhala wachinyontho madzi sauma msanga pa puleti ndi pa marola, choncho ofunika kuthira amachepa. Pa nthawi yomweyo anali atayamba kugula mapuleti a kampani ina, amene kukhakhala kwake ndi mtundu wake n'zosiyana, ndipo zimenezo zokha zimasuntha nambala. Ndinawauza kuti abwereze makwerero pa yuniti iliyonse, ndipo anachita okha ndi mnyamata wawo. Rola youma ija inatumizidwa kukavekedwa labala watsopano ndipo inabwerera mu Disembala. Sefa ya reverse osmosis ya pamalopo abwana anailonjeza ikadzalowa ndalama ya mabuku a sukulu, ndipo pamene ndinkalemba lipotili anali akugulabe madzi a m'mabotolo.